Dzina la Malonda Anu Ndi Chuma: Zimene Malamulo Atsopano Akunena

M'zaka zapitazi magulu ambiri a amayi m'maparishi ndi m'miphakati mwathu alowa m'bizinesi. Ndalama za banki mkhonde zagula makina ogayira chiponde, makina osokera, ming'oma ya njuchi ndi mapoto akuluakulu ophikira pa maukwati. Ena akupanga sopo, ena juwisi wa malambe ndi bwemba, ena jamu, ena ufa wa phala wosakaniza soya ndi mtedza. Katunduyu akayamba kuyenda malonda, ogula safunsanso kuti "muli ndi chiponde?" Amatchula dzina lenileni la chiponde chimene adachikonda, ndipo akachisowa amabwerera ndi ndalama zawo.

Zikafika pamenepo, dzina lija lasanduka chuma. Likhoza kubedwa, likhoza kulimbiranidwa, likhoza kugulitsidwa, ndipo likhoza kusiyidwa ngati cholowa. Funso limene magulu ambiri salifunsa mpaka mkangano utabuka ndi lakuti: pamaso pa lamulo, dzinali ndi la yani? Malamulo a dziko lino pankhaniyi adasintha kuyambira mu 2016, ndipo zambiri mwa zosinthazo zikukomera magulu ang'onoang'ono ngati athuwa.

Chizindikiro cha malonda n'chiyani?

Chizindikiro cha malonda ndi dzina, mawu, chithunzi, zilembo kapena zonsezi pamodzi, zimene zimathandiza wogula kusiyanitsa katundu wanu ndi wa anthu ena. Pachingerezi amati trademark, ndipo mawu amenewa ndi amene mukawapeze pa mafomu a boma. Chizindikiro chikalembedwa m'kaundula wa boma, mwini wake amakhala ndi mphamvu yoletsa wina aliyense kuchigwiritsa ntchito, kapena kugwiritsa ntchito china chofanana nacho kwambiri, pa katundu wa mtundu womwewo.

Tidziwiretu malire ake. Chizindikiro chimateteza dzina ndi maonekedwe a lebulo basi. Kaphikidwe kanu sikatetezedwa nacho. Mnzanu wa mudzi wina ali ndi ufulu wopanga chiponde chofanana ndi chanu, bola achitchule dzina lake. Ngati muli ndi kasakanizidwe kapadera kamene kamakometsa katundu wanu, chitetezo chake ndi kusunga chinsinsi ndi kugwirizana m'gulu kuti ndani ayenera kukadziwa.

Si dzina lililonse limene lingalembetsedwe. Mawu ongofotokoza katunduyo, monga "Uchi Wokoma" kapena "Sopo Woyeretsa", amakanidwa chifukwa aliyense wogulitsa uchi kapena sopo ayenera kukhala womasuka kuwagwiritsa ntchito. Dzina lolimba ndi limene siligwirizana ndi katunduyo, monga dzina la mbalame kapena la mtengo pa paketi ya sopo, kapenanso mawu ongopeka. Amakananso dzina lonamiza ogula, dzina lolaula, mbendera ndi chidindo cha boma, komanso chizindikiro chofanana ndi chimene wina adalembetsa kale.

Zimene zidasintha mu 2018

Kwa zaka zoposa 60 dziko lino linkatsatira lamulo la zizindikiro za malonda la mu 1957, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lotchedwa Trademarks Act, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2018. Zosintha zimene zikutikhudza kwambiri ndi zinayi.

Choyamba, tsopano mukhoza kulembetsa dzina la ntchito imene mumagwirira anthu. Lamulo lakale linkangozindikira katundu wogwirika ndi manja. Gulu lophika pa maukwati ndi pa misonkhano, saluni, telala, sukulu ya mkaka kapena malo ogona alendo, onsewa kale analibe polembetsa dzina lawo ngati chizindikiro. Lero khomo ndi lotsekula.

Chachiwiri, lamuloli likuzindikira chizindikiro cha gulu, chimene mwini wake ndi bungwe ndipo mamembala onse amachigwiritsa ntchito potsatira mfundo zimene adagwirizana.

Chachitatu, likuteteza maina a malo pa katundu amene ubwino wake umachokera ku dera limene amalimidwa kapena kupangidwa.

Chachinayi, chizindikiro chikalembetsedwa chimatetezedwa kwa zaka 10, ndipo mukhoza kumawonjezera zaka 10 zina nthawi iliyonse zikatha, popanda malire, bola muzilipira pa nthawi yake. Kale nthawi yoyamba inali zaka 7.

Mapepala atatu amene anthu amawasokoneza

Amayi ambiri akakhala ndi satifiketi ya bizinesi amaganiza kuti dzina lawo latetezedwa. Apa mpamene pagona vuto. Pali mapepala atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake.

Satifiketi ya bizinesi, imene imaperekedwa potsatira lamulo la Business Registration Act la mu 2012, imauza boma kuti bizinesi yanu ilipo ndipo eni ake ndi akutiakuti. Imakuthandizani kutsekula akaunti ku banki, kulembetsa ku MRA ndi kupikisana nawo pa matenda. Koma payokha siikupatsani umwini wa dzina limene lili pa botolo.

Chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972, chimatsimikizira kuti katundu wanu adayezedwa ndipo akukwanira pa muyezo. Pa chiponde, mwachitsanzo, amayeza poizoni wochokera ku chuku cha mtedza, amene amawononga chiwindi ndiponso amathandizira kupinimbiritsa ana. Chizindikiro cha bungweli si chanu. Mumangololedwa kuchiika pa lebulo mukakwaniritsa zofunika, ndipo kuchisindikiza nokha popanda chilolezo ndi mlandu.

Satifiketi ya chizindikiro cha malonda ndi imene imanena kuti dzina ili, pa katundu uyu, ndi la akutiakuti. Imachokera ku ofesi ya kaundula wa boma, yomwenso imalembetsa mabizinesi, koma fomu yake ndi ina ndipo malipiro ake ndi ena.

Nanga amene sadalembetse alibiretu chitetezo? Mabwalo a milandu amatha kuteteza dzina losalembetsedwa ngati mwini wake aonetsa kuti ladziwika kale ndipo winayo akunamiza ogula kuti katundu wake ndi wa mwini dzinayo. Koma umboni wotere ndi wovuta kuusonkhanitsa, umafuna loya, ndipo mlandu umatenga nthawi. Wolembetsa amangoonetsa satifiketi.

Dzina likhale la gulu

Tiyerekeze kuti amayi 20 apanga sopo kwa zaka zisanu ndipo dzina lawo ladziwika m'misika itatu. Mmodzi wa iwo, amene amayenda ku tauni kawirikawiri, akulembetsa dzinalo. Mwina alibe cholinga choipa. Fomu yafuna dzina la mwini, iye walemba lake. Patapita zaka ziwiri wasemphana ndi anzake ndipo watuluka m'gulu. Pamaso pa kaundula, dzina lija wapita nalo. Akamwalira, limalowa m'chuma chamasiye ndipo amene angalilandire ndi ana ake kapena abale ake, anthu amene sadatakasepo mphika wa sopo n'kamodzi komwe. Amayi 19 otsalawo, kuti alibweze, ayenera kupita kukhothi.

Njira yopewera zimenezi ndi kuonetsetsa kuti gulu lenilenilo ndi lodziwika ndi lamulo, kenako n'kulembetsa chizindikiro m'dzina la gululo. Magulu ambiri amasankha kukhala kopaletivi, imene imalembetsedwa kudzera ku unduna wa zamalonda, ndipo alangizi a zamalonda ku khonsolo ya boma lanu amathandiza pa ntchito imeneyi. Ena amalembetsa ngati kampani. Chofunika n'chakuti pakhale bungwe limene lingakhale ndi katundu m'dzina lake, ngakhale atsogoleri atasintha.

Ngati mamembala amapangira pamodzi ndi kugulitsa ngati bizinesi imodzi, chizindikiro wamba cholembetsedwa m'dzina la kopaletivi chikukwanira. Koma pali magulu amene mayi aliyense amapangira kwawo, kapena magulu angapo a m'matchalitchi osiyanasiyana a parishi imodzi amene akufuna kugulitsa ndi dzina limodzi. Amenewa ndi amene chizindikiro cha gulu chidawadzera. Polembetsa, pamafunika kupereka mfundo zolembedwa za kagwiritsidwe ntchito kake: ndani akuloledwa, katundu akhale wotani, ndipo wophwanya mfundo achitidwe chiyani. Mfundozi zimateteza onse. Mayi mmodzi akathira madzi a shuga mu uchi, ogula sadzatchula iyeyo, adzatchula dzina la pa botolo. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndi mfundo zolembedwa, gulu limakhala ndi poyambira kumuletsa kugwiritsa ntchito lebulo yawo mpaka atakonza.

Dzina la malo

Tonse timadziwa kuti katundu wina amagulidwa chifukwa cha kumene wachokera. Mpunga wa ku Karonga, khofi wa ku Misuku, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, manachesi a ku Mwanza. Tikudziwanso kuti mumsika muli mpunga wosakaniza umene umagulitsidwa ndi dzina la mpunga wonunkhira, ndipo woluza ndi mlimi weniweni pamodzi ndi wogula. Lamulo la 2018 likulola alimi kapena opanga katundu a dera limodzi kupempha kuti dzina la dera lawo litetezedwe. Dzina lotere silikhala la munthu mmodzi. Aliyense wa m'deralo amene akutsatira kalimidwe ndi kakonzedwe kogwirizanidwa akhoza kuligwiritsa ntchito, ndipo wa kunja kwa deralo saloledwa.

Nkhani ya tiyi wa rooibos wa ku South Africa ikuonetsa kulemera kwa zinthuzi. Chitsamba chimenechi chimamera m'dera la mapiri a Cederberg. Mu 1994 dzina lakuti rooibos lidalembetsedwa ku America ngati chizindikiro cha kampani imodzi, ndipo patapita nthawi ogulitsa ena adayamba kuletsedwa kutchula tiyi wawo ndi dzina lake lenileni m'dzikolo. Padatenga milandu yodula mpaka mu 2005 pamene dzinalo lidamasulidwa. Alimi atatolapo phunziro adalimbikira kuti dzinalo litetezedwe ngati dzina la dera, ndipo mu 2021 mayiko a European Union adavomereza kuti tiyi wotchedwa rooibos azichokera ku dera lake lokhalo.

Ntchito yoteteza dzina la malo ndi yaikulu, yoposa gulu limodzi la pa parishi. Imafuna mgwirizano wa makopaletivi, alangizi a zaulimi ndi khonsolo. Koma amayi ndi amene amalima ndi kukonza gawo lalikulu la mbewu zimenezi, choncho nkhaniyi ikayambika m'dera lanu musakhale kumbuyo pamene mfundo zikulembedwa.

Kalembetsedwe kake

Musanasindikize malebulo ambiri, pemphani ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda kuti ifufuze m'kaundula ngati dzina limene mwasankha lilibe mwini. Kafukufukuyu amalipiridwa, koma mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kutaya malebulo, zikwangwani ndi makasitomala mutauzidwa kuti musinthe dzina. Safunsa adadya phula.

Kenako mumadzaza fomu, kuperekapo chithunzi cha chizindikiro ndi kutchula katundu amene mukufuna kuteteza. Katundu ndi ntchito zonse padziko lapansi zidagawidwa m'magawo 45: magawo 34 a katundu ndi 11 a ntchito. Sopo ali m'gawo 3, nsalu m'gawo 24, zovala m'gawo 25, chiponde, jamu ndi mafuta ophikira m'gawo 29, uchi, mpunga, tiyi ndi ufa m'gawo 30, juwisi m'gawo 32, ndipo ntchito yophikira anthu ili m'gawo 43. Chitetezo chanu chimafika pa katundu amene mwatchula, ndipo malipiro amakwera mukachulukitsa magawo. Yambani ndi katundu amene akukubweretserani ndalama zambiri.

Ofesi imaunika pempho lanu, ndipo ikakhutira imalengeza chizindikirocho poyera kuti amene ali ndi dandaulo alankhule m'nthawi yoikika. Popanda wotsutsa, mumalandira satifiketi. Ntchitoyi imatenga miyezi, koma tsiku limene mudapereka fomu ndi limene limawerengedwa. Anthu awiri akalimbirana dzina limodzi, tsikuli limalemera kwambiri. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mukalandira satifiketi mukhoza kuika kachizindikiro ka ® pafupi ndi dzina lanu. Kukaika musanalembetse n'kulakwira lamulo. Lembani m'buku la gulu chaka chimene zaka 10 zidzathere, ndipo muziligwiritsa ntchito dzinalo, chifukwa chizindikiro chongokhala zaka zambiri osagwira ntchito chikhoza kufufutidwa wina akapempha. Sunganinso malisiti, zithunzi za malebulo ndi mabuku a malonda. Tsiku la mkangano, umboni wanu ndi umenewo.

Lamulo lomweli likutetezanso ena kwa ife

Pali zizolowezi zimene timazitenga ngati zazing'ono koma zikhoza kutigwetsa m'mavuto. Chodziwika kwambiri ndi kuthira katundu wathu m'botolo kapena m'chigubu chimene chidakali ndi lebulo ya kampani ina. Wogula akhoza kuganiza kuti akugula katundu wa kampaniyo. China ndi kutengera mtundu, kalembedwe ndi chithunzi cha katundu wotchuka n'kungosintha chilembo chimodzi. Chinanso ndi kusokerera zizindikiro za makampani a zovala pa malaya amene tasoka tokha. Zonsezi mwini chizindikiro akhoza kukusumirani, ndipo kugulitsa dala katundu wachinyengo ndi mlandu umene chilango chake ndi chindapusa kapena ndende.

Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo. Lebulo ndi imene imauza mayi wogula kuti chakudya cha mwana wake wapanga ndani, muli chiyani, ndipo chidzaonongeka liti. Katundu wobisala m'dzina la wina alibe womuyankhira akadwalitsa munthu. Mafuta odzola, mankhwala, mbewu ndi feteleza zachinyengo zimayenda m'njira yomweyi, ya paketi yokongola yofanana ndi yeniyeni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukakumana ndi katundu wokayikitsa, kauzeni Malawi Bureau of Standards kapena Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene lamulo latsopano la mu 2024 lidaliwonjezera mphamvu zolanga onamiza ogula. Akakhala mankhwala, oyenera kuuzidwa ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ifenso tisamale zolemba pa malebulo athu. Ufa wa chammwamba ndi chakudya chabwino, koma kulemba kuti umachiritsa shuga kapena kuthamanga kwa magazi n'kunamiza wodwala, ndipo akhoza kusiya mankhwala a kuchipatala.

Palinso lamulo la Copyright Act la mu 2016, limene limateteza nyimbo, mabuku, zithunzi ndi zojambula. Chitetezo chimenechi chimayamba chokha ntchitoyo ikangopangidwa, ndipo chimakhalapo moyo wonse wa mlengi wake ndi zaka zambiri atamwalira.  Izi zikutanthauza kuti chithunzi chimene mwachipeza pa intaneti chili ndi mwini wake, ndipo simungangochiika pa lebulo. Zikutanthauzanso kuti mukalemba mnyamata waluso kuti akujambulireni chizindikiro kapena maluwa a chitenje cha gulu, mulemberane kalata yonena kuti umwini wa chojambulacho waperekedwa ku gulu. Kumulipira kokha, popanda cholembedwa, kumasiya mpata wa mkangano.

Mukawoloka malire

Satifiketi ya ku Malawi imagwira ntchito m'Malawi mokha. Amayi a ku Mchinji ogulitsa ku Chipata, kapena a ku Dedza ndi Mwanza ogulitsa ku Mozambique, adziwe kuti kutsidyako dzina lawo likhoza kulembetsedwa ndi wina. Pali njira ziwiri zofupikitsira ulendo. Yoyamba ndi bungwe la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare. Ndi pempho limodzi mukhoza kusankha mayiko amene adalowa m'pangano la Banjul, monga Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Yachiwiri ndi pangano la Madrid, limene lidayamba kugwira ntchito m'dziko lino pa 25 Disembala 2018, ndipo limafika ku mayiko oposa 100, kuphatikizapo Zambia ndi Britain. South Africa siili m'njira ziwirizi, kotero kumeneko mumalembetsa mwachindunji. Mu Febuluwale 2023 atsogoleri a mayiko a mu Africa adavomerezanso mfundo za umwini wa nzeru pansi pa mgwirizano wa msika umodzi wa Africa, kuti malamulo a mayiko athu adzayandikane. Njira zakunjazi ndi zodula, ndipo gulu laling'ono liyambe ndi kwathu konkuno.

Nzeru za makolo

Chinthu china chatsopano chikukhudza nzeru zimene agogo athu adatisiyira, makamaka za zitsamba, mbewu zamakolo ndi zipatso zakutchire. Pa 24 Meyi 2024 ku Geneva, mayiko a m'bungwe la WIPO adavomereza pangano lonena kuti amene akupempha umwini wa chinthu chatsopano chimene wachipanga pogwiritsa ntchito chomera kapena chamoyo china, aulule dziko limene adachitenga, komanso anthu amene adamupatsa nzeru ya kagwiritsidwe ntchito kake. Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kutsimikiza panganoli, mu Disembala 2024. Kuti liyambe kugwira ntchito pakufunika mayiko 15.

Kuulula kokha sikubweretsa ndalama, koma kumatsekula njira yokambirana. Ku South Africa, mu 2019, makampani a rooibos adagwirizana kuti azipereka 1.5 peresenti ya mtengo umene alimi amagulitsira tiyiyu kwa anthu a mitundu ya Khoi ndi San, amene makolo awo ndiwo adayamba kuchidziwa chitsambachi. Mu 2022 adalandira ndalama zoyamba, zoposa 12 miliyoni randi. Choncho mlendo akabwera m'mudzi kudzafunsa za mankhwala azitsamba kapena kudzatola mbewu, mufunseni kalata yachilolezo ya boma, auzeni amfumu, ndipo lembani dzina lake, tsiku ndi zimene watenga.

Poyambira

Pa msonkhano wanu wotsatira ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana. Mlembi abweretse mapepala onse a gulu, muone kuti alembedwa m'dzina la yani. Gwirizanani za dzina limene mukufuna kukhala nalo zaka zikubwerazi, ndipo lembani m'malamulo a gulu kuti dzinalo ndi la gulu, wotuluka sapita nalo. Tumani anthu awiri kwa mlangizi wa zamalonda ku khonsolo kuti akafunse za kulembetsa gulu ndi mitengo ya lero ya kafukufuku ndi fomu. Ngati ndalama sizikukwana mwezi uno, ikani padera kagawo ka phindu pa kugawana kulikonse mpaka zitakwana, ndipo pakadali pano msungichuma ayambe kusunga malisiti ndi malebulo onse okhala ndi dzina lanu.